Za Njala, ndi za Dzina Limene Sindinalembe

Atate ndi amai a m'midzi, ndapempha malo m'kalata yathu ya mwezi uno kuti ndicheze nanu za njala. Ndidziwa kuti ena adzaseka, nadzati: Kodi munthu wa m'tauni ya Blantyre, wogula ufa wa m'sitolo, adzatiuza chiani ife amene tiidziwa njala ndi maina ache onse? Akatero sadzalakwa. Sindinadze kudzaphunzitsa. Ndiri ndi mlandu umene wandilemera mumtima kuyambira chaka cha 2024; ndinauulula kale kumene tiululira machimo athu, koma ndayesa kuti nkwabwino kuukambanso poyera, pakuti ambiri a inu, akulu a mpingo ndi atsogoleri a miphakati, mudzagwira tsiku lina cholembera chimene ndinagwira ine.

Ndiyambe ndi agogo anga akazi, amene anabala mai wanga. Kwao kunali kufupi ndi Lunzu, kumpoto kwa Blantyre. Iwo sanawerenge zaka monga tiwerenga ife. Kanthu kali konse anakaika patsogolo kapena pambuyo pa njala ya 1949. Mvula inayamba bwino kumapeto kwa 1948, anthu nabzala, chimanga nichimera mokondweretsa. Koma m'mwezi wa Disembala mvula inadula, dzuwa nilitentha masabata ambiri, ndi mmera unapserera m'minda. Chaka chisanafike pakati, m'nkhokwe munalibe kanthu. Anthu anakumba mpama ndi mizu ina ya kuthengo, ina ya iyo yakupha ikapanda kuphikidwa kawiri katatu. Ena anayenda pansi masiku ambiri kunka ku Neno, ku Ntcheu ndi ku dziko la Apwitikizi, atasenza mbale, makasu ndi nsaru zao kuti akasinthe ndi chimanga.

Agogo anga aamuna anali mkamwini pamudzipo. M'mawa wina ananena kuti apita kwao ku Ntcheu kukafuna chakudya, ndipo sanabwerenso. Sindiwaweruza; nkhope yao sindinaione, ndipo amuna ambiri anachita chomwecho chaka chija. Koma mumve ichi: chimanga chinalipo. Boma la masiku aja linaitanitsa china kunja, nilitsegula malo ogawira. Ndipo antchito a Boma ndi a m'makampani a ku Blantyre ndi ku Limbe analandira phoso kumene anagwira ntchito. Agogo anga atafika pa mzere, mai wanga ali kumsana, mlembi anafunsa: Amuna anu ali kuti? Nayankha: Anachoka. Mlembi nati: Muli pabanja, akudyetseni amuna anu. Sanali nkhalamba, sanali wamasiye, sanali wantchito. M'buku munalibe malo a mkazi wothawidwa. Anabwerera chimanjamanja. M'Januwale wa 1950 mwana wao woyamba, mnyamata wa zaka 4, anatupa miyendo namwalira. Boma linawerenga anthu ngati 200 amene anafa ndi njala ija. Malume anga aja sali m'chiwerengerocho, pakuti anafera pakhonde, kumene kunalibe wowerenga. Mai wina wophunzira wa ku Britain, Megan Vaughan, anadza patapita zaka kudzafunsa akazi a m'boma la Blantyre za chaka chija, natulutsa buku mu 1987. Ndipo nditaliwerenga ndinapeza kuti nkhani ya agogo anga inali ya akazi ambiri, ndi kuti anaiimba posinja pamtondo.

Taonani tsono chodabwitsa. Njala ija isanagwe, pa 16 Okutobala 1945, nthumwi za maiko ambiri zinasonkhana mu mzinda wa Quebec ku Canada, nizikhazika bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi, kuti anthu a dziko lonse lapansi amasuke ku njala. Ndicho chifukwa chache tsiku limenelo likumbukidwa chaka ndi chaka ngati tsiku la chakudya. Kuyambira pamenepo akuluakulu a maiko alumbira kangapo. Mu 1974 anasonkhana ku Roma, ndipo nduna ya ku America, Henry Kissinger, inalonjeza kuti pakutha zaka 10 sipadzakhalanso mwana wogona ndi njala. Zakazo zinakwanira mu 1984, chaka chimene njala inapulula anthu ku Ethiopia. Mu 1996 anasonkhananso ku Roma, napangana kuti pofika 2015 adzachepetsa ndi theka anthu anjala, amene pa nthawiyo anali oposa 800 miliyoni. Mu 2015 anapangananso, nati pofika 2030 njala idzatheratu. Koma FAO ndi mabungwe anzache anawerenga kuti mu 2023 anthu ngati 733 miliyoni anali ndi njala, ndiko kuti munthu mmodzi mwa 11 pa dziko lonse, ndi mmodzi mwa 5 kuno ku Africa.

Sindilemba izi kuti ndiwanyoze. Ku seminale, kumene ndinaphunzira zaka zingapo ndisanazindikire kuti Ambuye sandiitanira ku unsembe, Bambo wina wokalamba anatiletsa kuseka lonjezo la munthu tisanayese katundu wache pamutu pathu. Mu 1974 anthu a pa dziko lapansi anali 4 biliyoni. Mu 2022 anafika 8 biliyoni. Pakamwa podyetsa panawirikiza, koma anjala sanawirikize. Ndipo ine mwini ndine mboni ya thandizo lao. Mu 1992, chaka cha chilala chachikulu, ndinali mwana wa sukulu, ndipo tinapulumuka ndi chimanga chachikasu chochokera kutsidya kwa nyanja, chimene tinachinyoza ndi pakamwa pomwe tinali kuchidyera. Bungwe la WFP, limene linakhazikidwa mu 1961 kuti lipereke chakudya kumene kwagwa tsoka, linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2020, ndipo ine sindinaone cholakwika pamenepo.

Komatu dziko lapansi silisowa chakudya. FAO inanena mu 2011 kuti gawo limodzi la magawo atatu a chakudya cholimidwira anthu litayika kapena lionongeka osadyedwa. Njala imene inatsimikizidwa mu 2024 ku msasa wa Zamzam, m'dziko la Sudan, siinadze ndi dzuwa; inadza ndi mfuti zotsekereza njira. Ndipo tisapite kutali. Fikani ku msika wa Limbe m'mwezi wa Febuluwale, pamene kumudzi mudya nkhwani popanda nsima: mudzaona matumba a chimanga ataunjikidwa kufikira kudenga, ndipo china cha chimangacho nchanu chomwe, chija munagulitsa pokolola pa mtengo womvetsa chisoni. Njala ya 2002, imene ambiri a inu muikumbuka, inapeza nkhokwe za dziko ziri zopanda kanthu, pakuti chimanga chosungidwamo chinali chitagulitsidwa m'miyezi ya m'mbuyo mwache. Ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza tsoka m'Febuluwale, anthu atayamba kale kufa. Ndinali nditangotuluka ku seminale, ndipo ndinaona ku Ndirande akazi alikulimbirana madeya pa chigayo, omwe aja tinali kupatsa nkhuku. Yosefe m'dziko la Farao sanalenge mbeu yachilendo, anasunga, nagawa. Ntchito ziwirizi ndizo zitikanika.

Kulima kokha tinaonetsa kuti tingathe. Itapita njala ya 2005, Boma la Bingu wa Mutharika linagawa makuponi a feteleza, mvula nigwa bwino, ndipo mu 2007 tinagulitsa chimanga ku Zimbabwe. Tinayesa kuti njala yatsazika. Koma feteleza anakwera mtengo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022. M'Malichi wa 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera pa phiri la Soche, nakwirira nyumba za ku Chilobwe pamodzi ndi eni ache, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno. M'Novembala wa chaka chomwecho kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100. Ndipo mu 2024 dzuwa linaotchanso minda, kotero kuti pa 23 Malichi Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza tsoka m'maboma 23 mwa 28.

Apa ndipo pafika mlandu wanga. Kumapeto kwa chaka chimenecho, m'nyengo ya Adventi, anthu ena achifundo anatumiza matumba 60 a ufa ku tchalitchi chathu chaching'ono, chimene chiri m'munsi mwa phiri lomwe lija. Bambo mfumu anandiitana, nati: Aphunzitsi, inu mudziwa anthu, lembani maina 60 a osowa koposa. Mabanja osowa anali ochuluka katatu. Ndinakhala pansi usiku, ndipo poopa kuti anthu adzandinenera tsankho, ndinafuna njira yosatsutsika. Ndinatsegula buku la mpingo, lija tilembamo opereka mtulo ndi olandira masakramenti, ndi kusankhamo amasiye, nkhalamba ndi odwala kufikira anakwana 60. Ndinagona tulo tabwino, ta Mfarisi.

Panali mai wina wa ana atatu, wokhala m'kanyumba ka lendi. Mwamuna wache wa ukwati wa m'tchalitchi anapita ku Johannesburg zaka zapitazo, naleka kutumiza ndalama ndi moni womwe; iye anakhala ndi mwamuna wina, amenenso anamsiya chaka cha namondwe. Chifukwa cha ichi sanali kulandira Ukaristia, ndipo chifukwa cha manyazi analeka kupereka mtulo ndi kufika ku mphakati. Pa Misa anali kukhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, natuluka dalitso lisanaperekedwe. Ndinamdziwa bwino. Dzina lache silinali pakati pa a mtulo, ndipo ine sindinaliike pa pepala. Sindinganame kuti ndinaiwala. Linandifikira m'maganizo cholembera chiri m'manja, ndipo ndinati mumtima: Akristu okhulupirika adzati chiani poona ameneyu asenza thumba, iwo alibe?

Tsiku logawa anafika, naima patali pansi pa mtengo kufikira dzina lotsiriza litaitanidwa. Anthu atabalalika anasendera, nagwada, nati: Aphunzitsi, kodi langa mulibe? Ndinati: Amai, tatsata buku. Anati: Zikomo, nanyamuka. Sanatukwane, ndipo kukanandipepukira akanatukwana.

Patapita masabata atatu, Krisimasi itangopita, Loweruka pa maphunziro a katekisimu, mwana wache wamkazi wa zaka 9 anagwa pakati pa anzache pamene tinali chiimire kunena mapemphero. Titamtsira madzi natsitsimuka, ndinamfunsa: Mwana iwe, wadya liti? Nati: Lachinai. Ndinafunsanso: Nanga masiku ena umadya chiani? Nati: Phala la kusukulu, koma tinatsekera. Ndinamperekeza kwao. Amai ache anali ku Limbe kufuna ganyu yochapa. Ang'ono ache awiri anali gone pamphasa dzuwa liri pamutu. Ndipo nditagwira mafuwa ndinawapeza ozizira, phulusa lache la masiku. Pobwerera m'njira ndinamva mau anga aja, tatsata buku, ndipo pamenepo ndinazindikira kumene ndinawamva kale, ndi amene anandisimbira, ndi mwana amene anafa nao.

Ndinene pang'ono za phala limenelo, pakuti pa ntchito zonse zolimbana ndi njala zimene ndaona ndi maso, imeneyi yandichititsa manyazi koposa. Mu 2002, chaka cha njala, Mkatolika wina wa ku Scotland, Magnus MacFarlane-Barrow, anadza kuno ku Malawi, nalowa m'nyumba ina m'mene mai anali pafupi kufa, ana ache atamzinga. Ndipo atafunsa mwana wamkulu chimene alakalaka m'moyo, mwanayo anatchula ziwiri, chakudya chokwanira ndi kupita ku sukulu. Pamenepo panabadwa bungwe la Mary's Meals, lotchedwa dzina la Amai Maria, limene linayamba ndi ana 200 kuno kwathu, nilifikira ana 1 miliyoni mu 2015, ndi 2 miliyoni mu 2021, m'maiko ambiri. Phalalo ndi la chimanga ndi soya, lija tilitcha Likuni phala, dzina lochokera ku Likuni kufupi ndi Lilongwe. Ophika ndiwo makamaka amai a m'deralo, osalipidwa, amene adzuka ndi tambala kukasonkha moto, utsi nuwaliza maso ana asanafike. Ndipo pa phala palibe kusankha maina. Mwana ali yense wa pa sukulu imene phala lifikako adza ndi kapu yache, nalandira. Safunsidwa ngati amai ache ali pa ukwati woyera, ngati ali Mkatolika, Msilamu kapena wa CCAP, kapena ngati atate ache apereka mtulo. Amai aja, ambiri a iwo osadziwa kulemba, anasunga ndi chipande chao mwana amene ine wa ku seminale ndinamtaya ndi cholembera.

Sindinena kuti phala lithetsa njala. Ndi kapu imodzi pa tsiku la sukulu. Siifika kwa khanda, kwa nkhalamba, kapena pa tchuthi, monga mwaona. Ndipo thandizo lochokera kunja likhoza kuphwa monga chitsime cha mumchenga m'mwezi wa Okutobala: mu 2025 dziko la America linadula thandizo lache lambiri, ndi mabungwe ogawa chakudya analira kusowa ndalama. Chifukwa chache sindileka kukudandaulirani, inu a kumudzi, kuti musagulitse chimanga chonse pokolola, ngakhale wogula afike ndi sikelo pakhomo penipeni. Ndi kuti mubzaleko chinangwa, mbatata, mapira ndi nandolo, zimene zipirira dzuwa. Koma izi mwazimva kambiri kwa alangizi ndi kwa a CADECOM, ndipo muzidziwa kuposa ine.

Madzulo a Loweruka lija ndinauza mkazi wanga zonse, ndi kumpempha theka la ufa wa m'nyumba mwathu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, napungula ufawo osalankhula. Ndipo atamanga thumba anati: Bambo, mukanandifunsa ine tsiku lija, ndikanakuuzani nyumba zimene sizifuka utsi. Ife akazi tizidziwa, pakuti timapalana moto. Ndinasenza thumbalo ndekha. Ndinauza mai uja choonadi, kuti dzina lache sindinaliiwale koma ndinalisiya dala. Anati: Ndinadziwa, aphunzitsi.

Pa msonkhano wa akulu a mpingo ndinapempha, Bambo mfumu atandilola, kuti ukadzabweranso ufa maina asachokere m'buku, koma amai a m'miphakati ayende madzulo, nthawi yophika, naone makomo opanda utsi, ngakhale eni ache akhale a mpingo uti. Musayese kuti onse anaomba m'manja. Mkulu wina, munthu wopemphera amene ndimlemekeza, anaimirira nati: Aphunzitsi, kodi tidyetse otaya ukwati ndi okana mtulo, ndi kusiya amasiye amene asesa tchalitchi chino zaka 30? Ndinamkumbutsa kuti tsiku lija Ambuye anadyetsa anthu 5,000 anangowakhazika pansi magulumagulu, ndipo sitimva kuti wina anafunsidwa za ukwati wache. Iye nati: Inde, koma Ambuye anatsala ndi madengu 12; inu muli ndi matumba 60. Ndinasowa choyankha, ndipo kufikira lero sindinachipeze. Funso lache si lopusa. Ndi lomwelo limene liri pamaso pa akuluakulu a ku Roma ndalama zikachepa, ndipo ali yense wolemba dzina limodzi afafaniza lina. Chokhacho ndinatha kunena ndi chakuti, ngati wina ayenera kutsala, atsale amene pakhomo pache pafuka utsi. Tinakweza manja, ndipo ganizo langa linapambana ndi manja awiri okha.

M'Febuluwale wa 2025 kunadza matumba 40. Amai anayenda madzulo atatu, nabwera ndi maina. 11 mwa iwo sanali m'buku la mtulo, ndipo atatu sanali Akatolika konse. Mlongo wache wa mkulu uja, wamasiye amene analandira ulendo woyamba, anatsala, popeza ana ache anali atamtumizira kangachepe. Mkuluyo andipatsabe moni pa khomo la tchalitchi, koma dzanja lache lichoka msanga.

Mai uja analandira thumba lache, nati zikomo ndi mau omwe aja. Koma thumba limodzi sililipira lendi. Pasaka isanafike anatseka kanyumbako, natenga ana ache kubwerera kwao, kumene anansi ache anati ndi ku Chiradzulu, ndipo sanatsazike. Dzina la mtsikanayo liri chikhalire m'buku langa la okonzekera Ukaristia woyamba, kutsogolo kwache kuli mpata. Tsono ngati wina wa inu, aphunzitsi anzanga a kumeneko, walandira mtsikana wochokera ku Blantyre, wodziwa mapemphero onse ndi Malamulo 10 a Mulungu koma wopanda kalata, ameneyo ndi wa kalasi langa. Musambweze. Mundilembere kudzera kwa Bambo mkonzi wa kalata ino, ndipo ndidzatumiza kalata yache sabata lomwelo.